Damiyano Anati Pang'ono

Felista mwanangu,

Ndakhala m'chigafa muno chiyambire pamene unanyamuka ndi amayi ako kupita kukatsanzika kwa azakhali ako ku Kasiya. Fodya mulibe, muli mthunzi wokha ndi nkhuku ziwiri zimene zikundiyang'ana ngati ndili ndi madeya m'thumba. Ndatenga kope lako lakale la ku sekondale, ndang'amba masamba a kumbuyo. Dzanja likutopa msanga masiku ano, choncho ukaona zilembo zikupendama usaseke, uwerenge basi.

Mawa ukwera minibasi ya ku Lilongwe, mkuja ndege, ndipo chaka chathunthu ukakhala ku Congo ukumanga mabala a asilikali anzako. Dzulo unandipempha mendulo yanga kuti upite nayo. Ndinakuyankha kuti tiona. Lero m'mawa unagwada pakhomo n'kundifunsa kuti ndadzuka bwanji, ine ndinati ndadzuka bwino. Mayankho onse awiriwo anali othawa. Loyamba linali ulesi, lachiwiri linali bodza lenileni. Kalatayi ndi yokonza onse awiri, ndipo ndikuopa chinthu chimodzi chokha, kuti ukamaliza kuwerenga umasula chikwama n'kunena kuti supitanso. Ndikufuna umve zoona, ndiponso ndikufuna upite. Sindikudziwa ngati munthu angapeze zonse ziwiri, koma ndiyesa.

Ndiyambe ndi kupusa kwanga koyamba. Usilikali sindinaulowe chifukwa chokonda dziko, ngakhale pa maliro a anzanga ndimanena choncho. Ndinaulowa chifukwa cha jombo. Kunabwera msilikali wina wa ku Mpingu patchuthi, atavala jombo zowala, ndipo Lamulungu limenelo atsikana onse a kwaya anaimba mokweza kuposa masiku onse. Ine ndinali ndi ming'alu kumapazi yoti n'kubisamo nyemba. Nditamva kuti kuboma akulemba anthu, ndinawauza atsibweni anga kuti ndikukagula chingwe cha ng'ombe. Ndinapita, ndinathamanga mtunda umene anatiuza, ananditenga. Chingwecho atsibweni anamwalira akuchidikira. Iwe walowa ndi mutu wako wonse, pepala la unamwino lili m'manja, ndiye pamenepo wandiposa. Koma udzifunsebe kuti jombo zako ndi ziti. Ine ndikuganiza kuti jombo zako ndi mendulo ija, n'chifukwa chake ndiyenera kukuuza mmene inabwerera.

Ku maphunziro a usilikali ndinakumana ndi Damiyano, wa ku Kabudula. Dzinali sunalimvepo m'nyumba mwathu, ndipo mlandu wake ndi wanga. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo asanalowe usilikali anaphunzira utelala pakhonde la sitolo ina pa Nsaru, moti gulu lonse linkamusiyira malaya ong'ambika. Tinadziwana pa mzere wa chakudya. Atangotsekula pakamwa ndinadziwa kuti uyu tinamwa madzi amodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo tinkaitanana kuti wakwathu. M'mawa uliwonse, ngakhale lipenga likulira ndipo ena akutukwana pofuna jombo zawo, iye ankaima kaye n'kundipatsa moni wathunthu wa kumudzi, ine n'kuyankha wathunthu. Anzathu ankatiseka kuti ndife madala awiri a pabwalo. Zimenezi uzikumbukire, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Anatitumiza ku Mozambiki nkhondo ya kumeneko ili pakati, kukalondera sitima zonyamula katundu wa dziko lathu. Ntchito yake inali kukhala m'bogi yopanda denga, kuseri kwa matumba a mchenga, n'kumayang'ana tchire tsiku lonse. Anthu amaganiza kuti nkhondo ndi kuombera. Nkhondo yambiri ndi kudikira, kutentha, nsabwe ndi kutsekula m'mimba. Miyezi inapita ife osamuona mdani ndi maso, tinkangoona midzi yopsa ndi mango akuolera pansi popanda wotola.

Tsiku limenelo kunali dzuwa loswa mtengo, cha m'ma leveni, ndipo ndinali nditavula malaya kuti Damiyano andisokere batani. Bomba lokwirira linaphulika pansi pa injini. Ndinangopezeka ndili pa miyala ya njanji, khutu lamanzere likulira, lija umati ndimanamizira ugonthi amayi ako akamandituma. Kenaka zipolopolo zinayamba kuchokera pa kachitunda ka kum'mawa. A sajeni athu, munthu wa ku Karonga, wachilungamo ndiponso wosagwedezeka, anakuwa kuti tonse tithawire mu kalavati, ngalande ya pansi pa njanji, amene anali chapatsogolo, mtunda ngati kuchoka pano kukafika pamjigo. Amene tinali ndi miyendo tinafika. Titawerengana tinapeza kuti anayi atsala pa bogi.

Sindikudziwa chimene chinandidzutsa. Anthu amati kulimba mtima, koma chimene ndimakumbukira ine n'chakuti m'mutu munangobwera zoti Damiyano ali ndi malaya anga. Ndinakwawa mpaka pa bogi. Atatu anali kukuwa: wina mwendo utathyoka fupa lili panja, wina nkhope yonse ili magazi, wina akuitana amayi ake m'Chiyao. Damiyano anali atakhala tsonga, atatsamira gudumu, mfuti ili pamiyendo, malaya anga ali m'manja singano ikulendewera. Nkhope yake inali bwinobwino. Ndinamugwira phewa.

"Dami, uli bwanji?"

Anandiyang'ana n'kuyankha motsitsa.

"Pang'ono, wakwathu."

Ndinasenza uja wa mwendo n'kuthamanga naye. Mu kalavati a sajeni anandifunsa za otsalawo, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Awiri avulala kwambiri. Damiyano wavulala pang'ono." A sajeni anati, "Ndiye yamba awiriwo." Analamula bwino, malinga ndi zimene ndinawauza. Ndinabwerera kachiwiri, ndinabwerera kachitatu, zipolopolo zikumenya zitsulo za bogi. Ulendo uliwonse ndinkamudutsa Damiyano, iye n'kumandiyang'ana osanena kanthu. Ulendo wachinayi ndinamupeza ali momwemuja, maso ali chipenyere. Nditamunyamula ndinamva kuti msana wonse wanyowa, ndipo miyala imene anakhalira inali itada bii. Chipolopolo chinalowera m'khwapa n'kutulukira kumbuyo, kumene ine sindinayang'ane.

Felista, iwe unabadwira kuno, ukudziwa. Kwathu kuno munthu wamkulu ukamufunsa kuti wadzuka bwanji, iye n'kuyankha kuti pang'ono, umatula khasu. Sakunena kuti matendawo ndi ochepa, akunena kuti zinthu sizili bwino, koma ulemu sulola kuti akuopseze. Agogo ako, bambo wanga, anayankha kuti pang'ono Lachiwiri, Lachisanu tinali kumanda. Ndinaona ndi maso anga amayi anga akuphula mphika n'kutuma anthu kukaitana abale atangomva liwu limenelo. Ndinkalidziwa ngati dzina langa. Koma zaka zinayi za m'baraki zinandipatsa khutu lina. Kumeneko ovulala tinkawagawa patatu: wafa, wavulala kwambiri, wavulala pang'ono. Damiyano anandiyankha ngati tili pakhonde ku Kabudula, ine ndinamumva ngati ndili pa perete. Wa mankhwala wa gulu lathu anadzandiuza pambuyo pake kuti atatu aja akanatha kudikira, ndipo ndikanayamba Damiyano n'kukanikiza balalo msanga, mwina akanafika kuchipatala. Anati mwina. Mwina ameneyo ndakhala naye zaka zoposa makumi atatu, ndipo ndatopa naye.

Mabuku ako anakuuza kale kuti wokuwa ali ndi mpweya, woopsa ndi wachete. Ine sindingawonjezere pa mabuku, sukulu ndinalekeza panjira. Ndikungoti ukamufunsa mwana wa kwathu kuti ali bwanji, umumve ndi khutu la kumudzi. Ufunse kachiwiri, safunsa anadya phula. Ndipo pakamwa pake pakanena chilichonse, kaya bwino kaya pang'ono, umuvule malaya, umutembenuze, uone kumsana. Umutembenuze, Felista.

Mendulo inabwera patapita miyezi. Anatiimika pa perete, bandi ikuimba, ndipo mkulu wina wa nyenyezi pamapewa anawerenga kuti Kopolo Benedikito anabwerera kanayi pakati pa zipolopolo n'kupulumutsa anzake atatu. Zonse zinali zoona, munalibe liwu labodza. Palibe amene anafunsa kuti ulendo wachinayi ndinabwera ndi yani. Ndinaima chilili, ndinapereka sawatcha, ndinalandira. Anzanga anandinyamula paphewa, ine n'kumafuna pobisala.

Kwa amayi ake a Damiyano kunanditengera zaka zitatu kuti ndipite. Maliro ake anafika m'bokosi lokhomerera ine ndikadali kutchire, ndipo tchuthi chilichonse ndinkapeza chifukwa, kaya mvula, kaya njinga yaphwa. Tsiku lina ndinapalasa kudzera pa Nsaru, mendulo ili m'thumba. Ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza m'lichero. Titalonjerana ndinadzifotokoza, iwo anati akundidziwa, mwana wawo ankalemba za ine m'makalata. Anandifunsa funso limodzi lokha.

"Kodi adanenapo kanthu asadatsirizike?"

"Ndidamufunsa kuti ali bwanji, mayi. Adati pang'ono."

Manja awo anaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali.

"Ndiye adakuuzanitu, bambo."

Ine ndinatulutsa mendulo n'kuiika pamphasa, ndinati ndi ya mwana wawo. Anaikankhira kwa ine ndi m'mphepete mwa lichero. "Tengani, kuno ana angataye." Kenaka anandithirira mtedza m'chipewa kuti ndizidya panjira. Njinga ndinachita kukankha mpaka pa Nsaru, sindinathe kuikwera. Uthenga wowawa ukadzakhala m'manja mwako usadzausunge zaka zitatu, sufewa ndi kusunga.

Kulakwa kwina kunachitikira pa Nambuma pompa, pa bawo. Nditapuma ntchito n'kudzakhazikika kwa amayi ako kuno, nkhani inali itafika kale, ndipo inali itanenepa panjira. Atatu anasanduka asanu ndi awiri. Zoti ndinathamanga wopanda malaya anazimasulira kuti ndine wokhwima, ndinavula dala kuti mphini zigwire ntchito, zipolopolo zizisanduka madzi. Wina anafika pondinong'oneza kuti ndimulozere sing'anga wake. "A Kopolo, eti mudakankha sitima yonse ndi phewa?" Ine ndinkangoseka n'kumadya nkhomo zawo pa bawopo. Ndikanatha kuidula nkhaniyo ndi mawu awiri, koma sindinatero, chifukwa inkandikoma. Mpando wakutsogolo kutchalitchi, moni wa manja awiri, aphunzitsi kundiitana kuti ndikalankhule kusukulu. Munthu wa ming'alu uja anali atapeza jombo zake.

Iwe unakulira pa nkhani yonenepayo. Ukukumbukira uli Sitandade 4 unaba mendulo m'chitini, n'kuikwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka zilembo zinayamba kufufutika, n'kupita nayo kusukulu utaimangirira pa diresi? Amayi ako anathyola kale kamtengo, ine ndinakuikira kumbuyo. Tsiku lomwelo unandifunsa kuti, "Ababa, simunkaopa?" Ndinati ayi. Ndinkaopa, mwanangu. Ulendo wachiwiri ndinadzikodzera, wachitatu miyendo inkakana moti ndinkaitukwana mokweza. Ukadzaopa kumeneko usadzadzione ngati wachititsa manyazi bambo wako. Ndipo anthu akadzayamba kunenepetsa nkhani yako, uidule ikadali yowonda.

Pa liwu lija ndinagwera mbali inayo, ndipo nkhani iyi ukhoza kuseka, amayi ako amaseka mpaka lero. M'mawa wina, iwe ukadali wa kumsana, ndinawafunsa kuti adzuka bwanji, iwo anati pang'ono. Sindinamvenso china. Ndinawakweza pa njinga, iwe uli kumsana kwawo, iwo akudandaula kuti nyemba zili pamoto, ndipo ndinapalasa ngati wothamangitsidwa mpaka kuchipatala cha pa Nambuma. Ndinadumpha mzere wonse ndi mawu a pa perete. Anawapima, anawapatsa mapiritsi awiri a mutu, ndipo tinabwerera n'kupeza nyemba ndi mphika zonse zili makala. Chiyambire tsikulo amayi a pamjigo ndikawapatsa moni amayankha onse pamodzi, "Tili bwino kwambiri, a Kopolo, njinga isiyeni." Ndinapusa, koma kupusa kumeneko sindidandaula nako. Mphika tinapeza wina.

Chimene ndimadandaula nacho ndi mmene ndinamulandirira uja ankaitana amayi ake m'Chiyao. Anandifunafuna mpaka anandipeza, anachoka kwawo ku Machinga n'kudzatsika pa Nambuma ndi thumba la mpunga pamutu, akutsimphina. Anakhala pamphasa n'kundiwerengera ana ake anayi, onse obadwa nkhondo itatha. Anati, "Achimwene, onsewa ndi anu." Ine ndinamuyankha ndi mawu aafupi ngati munthu wodzafunsa njira, ndipo sindinamuperekeze n'komwe. Ndikamuyang'ana iye ndinkaona gudumu lija. Anabwerera ali wodabwa, ndipo sanabwerenso. Ndinalakwa. Iwe pa ntchito yako ena adzakufera m'manja, zimenezo n'zosathawika. Uziwakumbukira, koma uziwerenganso amene adzuka, ndipo akadzabwera kudzathokoza uziwapatsa mpando.

Ine mwini liwu lija ndinalichotsa m'kamwa. Malungo, dzino, chibayo chija chinandigoneka milungu itatu, yankho linali limodzi, ndili bwino. Ndinkaona ngati sindiyenera kulinena, poti amene analinena moona ine sindinamumve. Ndinakalapa kwa abambo mfumu kuparishi, anamvetsera bwino, n'kunena kuti kumva molakwa si tchimo. Ndinatuluka ndi katundu wanga yemweyo n'kukamutula kwa mayi wina wotcheza kachasu kuseri kwa msika. Zaka zimenezo mwina ukuzikumbukira, zija ndinkagona m'chigafa muno pamodzi ndi fodya. Amene anandichotsako ndi amayi ako. Sanalalate. Anangondikhazika pansi tsiku lina tikupuma kumunda n'kunena, "Bambo a Felista, munthu amene mumamuitana kutuloyo ndani kodi?" Ndinawauza zonse, ndipo mpaka lero m'nyumba mwathu ndi iwo okha amene amadziwa. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ine chitseko anachita kunditsekulira. Ukadzabwerako ndi zako usadzadikire zaka. Upeze munthu mmodzi, umuuze.

Zina ndi zazing'ono, ndipo akuluakulu ako akuuza kale. Mapazi uziwaumitsa, ndinaona amuna amphamvu akugwa ndi zilonda za pakati pa zala. Mankhwala a malungo uzimwa, chifukwa anamwino ndiye samwa mankhwala. Njira imene mbuzi sizikupondamo, iwenso usapondemo. Eni dziko uziwapatsa moni m'chinenero chawo ngakhale akuseke. Mayi wina wa ku Mozambiki anatiletsa kutunga pachitsime china chifukwa choti Damiyano ankamulonjera m'mawa uliwonse, ndipo m'chitsimemo tinadzapezamo zimene sindilemba pano. Akamafuna munthu wodzipereka, udzifunse ngati ukuimirira chifukwa pali wosowa thandizo kapena chifukwa pali wokuona. Amayi ako uziwaimbira Lamulungu lililonse, ndipo akakufunsa kuti uli bwanji usamatengere ine.

Tsopano yankho la m'mawa lija. Ndazungulira mokwanira, mthunzi wafika kale pa nsanamira yachitatu ndipo mubwera posachedwa.

Chiyambire nthawi yokolola m'mimba mwanga simuli bwino. Chakudya chinayamba kundikana, lamba ndamuboola ndi msomali kawiri. Maulendo awiri aja amayi ako anakuuza pafoni kuti ndapita ku Namitete kukaona ng'ombe ya atsibweni ako, kunalibe ng'ombe, ndinali kuchipatala. Anandiunika ndi makina, anatenga magazi. Ulendo wachiwiri dokotala anakoka mpando wake n'kuusendeza pafupi ndi wanga, ndipo asanatsekule pakamwa ndinadziwa. Akuti ndi chotupa pachiwindi, chakula, mpeni sungathandize. Anandipatsa mankhwala oletsa ululu n'kundiuza kuti ndizidya chilichonse chimene mtima ukufuna. Iwe ndiwe namwino, tanthauzo la mawu amenewo ukulidziwa kuposa ine. Pepala lake lili m'chitini chomwe chija, pansi pa mendulo. Mvula ikubwerayi mwina ndiiona. Fodya wake sindikudziwa amene adzamupachike muno.

Utafika sabata yathayi unandiyang'ana n'kunena, "Ababa, mwaondatu." Ndinati ndi ntchito ya kudimba. Unafunsa kamodzi, ndinayankha, ndipo unakhulupirira chifukwa ndine bambo wako, komanso a Kopolo sadwala. Ndinali nditavala jekete lalikulu dzuwa lonseli, chipewa chili m'maso, ndipo ndinkakhala mumthunzi dala. Usadziimbe mlandu, ine ndabisa zinthu zaka makumi atatu, ndine katswiri wake. Koma uone mmene zimaphwekera, ngakhale kwa munthu wophunzira ndiponso wachikondi. Sunanditembenuze.

Ndinaganiza zopereka kalatayi kwa amayi ako kuti aibise m'chikwama, udzaipeze uli kale ku Congo. Ndinaganizanso zongokhala chete, udzamve pafoni zonse zitatha. Koma ndikudziwa chimene munthu amasanduka akazindikira mochedwa kuti anali pafupi koma sanaone. Sindikufuna kukusiyira mwina wangayu ngati chuma chamasiye. N'chifukwa chake uipeza pa pilo wako madzulo ano, nthawi ikadalipo yoti usankhe wekha.

Ndikudziwa chimene unene. Unena kuti upempha akuluakulu ako akusiye, utsale undisamale. Ndikukana, ngakhale mphamvu zokuletsa ndilibe. Zondichitira pano ndi zochepa, kundipatsa mapiritsi, kundiwiritsira phala, kupemphera nane kolona. Amayi ako alipo, akhristu a mphakati wathu alipo, mlongo wako ali pa Chitukula pompa. Ukatsala udzangondionerera ndikuchepa, ndipo chimene wachivutikira zaka zonsezi chidzapita ndi ena. Kumene ukupitako kuli anyamata a ku Kasiya, a ku Nsaru, a ku Kabudula, ana a anthu amene ndimasewera nawo bawo. Tsiku lina mmodzi adzakhala tsonga atatsamira gudumu, nkhope ili bwinobwino. Madokotala a mayiko ena adzamufunsa kudzera mwa womasulira, iye adzayankha monga anamulerera amayi ake, ndipo womasulirayo adzanena kuti wavulala pang'ono. Ndikufuna pamenepo padzakhale munthu mmodzi amene adzatule khasu.

Mendulo uisiye m'chitini. Siteteza munthu, ine sinanditeteze ngakhale ku kachasu. Ukafuna chonyamula, pansi pa sutikesi ya amayi ako pali malaya akale a yunifomu, batani lachitatu lili lende, ulusi wake sunamangidwe. Udule batanilo upite nalo. Dzina la amene ankalisoka tsopano ukulidziwa, ndipo uzilitchula.

Ndatopa, mwanangu, dzanja ndi thupi lonse, ndipo ndatopa kukhala a Kopolo. Ndimakukonda, ndimakunyadira, ndipo ndinkakunyadira usanavale yunifomu. Ndikuopa kuti sindidzakuonanso, ndipo ndalemba poyera kuti usadzaganize kuti ndinakutumiza ndi mtima wouma. Ukamaliza kuwerenga ulire mmene ungathere, ukalipe, undinene kwa amayi ako kuti ndine nkhalamba yamakani. Ine ndigonera khutu labwinoli.

Mawa m'mawa ubwere pakhomo, ugwade monga mwa masiku onse, undifunse kuti ndadzuka bwanji. Ndikuyankha kuti pang'ono. Kakhala koyamba kuti ndidziyankhire ndi liwu limeneli chichokere ku njanji kuja, ndipo ndikufuna ndilinene kwa munthu amene alimve. Ukalimva usathamangire njinga. Undigwire dzanja, unditembenuze ngati ukufuna, uone zonse ndi maso ako. Ukatero unyamule chikwama. Minibasi yoyamba imanyamuka pa Nambuma seveni isanakwane, ndipo sidikira munthu.

Ndine bambo wako,
Benedikito